NJINGA YOPANDA TCHENI: PHUNZIRO LA KUPANIKIZIKA KWA MADZI

Tsiku lina ndidapita pa sukulu ina ya kumudzi kukaonerera mmodzi wa ophunzira athu amene anali pa nyengo yoyeserera kuphunzitsa. Phunziro lake linali la makina osavuta, ndipo adalikonzekera bwino ndithu. Chakumapeto kwa phunzirolo mnyamata wina wokhala kumbuyo adakweza mkono, nanena kuti achimwene ake adagula njinga yakapalasa yochokera kunja imene mabuleki ake alibe waya, koma ali ndi kapaipi kokhala ndi mafuta m'kati. Kenaka adafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati mafuta angathe kuimitsa gudumu la njinga, kodi sangathenso kuliyendetsa m'malo mwa tcheni?" Mphunzitsi uja adayang'ana m'buku lake, nati, "Zimenezo sizili m'phunziro la lero, khala pansi." Mnyamatayo adakhala pansi, ndipo sadakwezenso mkono mpaka belu lidalira.

Sindikumudzudzula mphunzitsiyo, pakuti ambiri a ife tidachitapo chimodzimodzi pamene funso la mwana lidatipeza tisadakonzeke. Koma funso limene lidafunsidwa tsiku limenelo ndi lomwe akatswiri a makina akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Njinga zoyendera mafuta opanikizidwa zilipo, ndipo zimayenda. Chodabwitsa n'chakuti sitiziona m'misewu. Mphunzitsi amene angafotokoze chifukwa chake ndiye kuti wamvetsa mfundo ziŵiri zikuluzikulu za sayansi, ndipo angathe kuziphunzitsa ndi zipangizo zotsika mtengo. Cholinga cha nkhani ino ndi kukuthandizani inu, amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi, kuti mudzathe kuyankha mwana wotere.

Ntchito ya tcheni

Tisanachotse tcheni, tiyambe tadziŵa ntchito imene chimagwira. Njinga zoyambirira zokhala ndi mapedulo zinalibe tcheni. Mapedulo ankamangiriridwa ku gudumu lakutsogolo, kotero kuti wopalasa akazunguza miyendo kamodzi, gudumu nalonso linkazungulira kamodzi kokha. Pofuna liŵiro, opanga njinga ankakulitsa gudumu lakutsogolo mpaka lidafika msinkhu wa pachifuwa pa munthu wamkulu, ndipo okwera ake ankagwa chamutu kaŵirikaŵiri. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa mu mzinda wa Coventry ku England adatulutsa njinga yotchedwa Rover, imene tcheni chake chinkayendetsa gudumu lakumbuyo. Maonekedwe a njinga imene timaidziŵa lero adachokera pamenepo.

Tcheni chimagwira ntchito ziŵiri. Yoyamba ndi kunyamula mphamvu kuchokera ku mapedulo kukafika ku gudumu lakumbuyo. Yachiŵiri ndi kusintha kazunguliridwe. Tiyerekeze kuti gudumu la mano la ku mapedulo lili ndi mano 44, ndipo laling'ono lakumbuyo lili ndi mano 22. Wopalasa akazunguza mapedulo kamodzi, gudumu lakumbuyo lizungulira kaŵiri. Chinthu chilichonse chimene chingaloŵe m'malo mwa tcheni chiyenera kugwira ntchito ziŵiri zonsezi.

Lamulo la Pascal

Mpweya ukatsekeredwa m'chotengera n'kupanikizidwa, umafinyika n'kukhala m'malo ochepa. Madzi ndi mafuta satero. Kufinyika kwawo n'kochepa kwambiri kotero kuti pa ntchito za masiku onse tingathe kunena kuti safinyika konse. Mukakankha madzi otsekeredwa kumbali ino, iwo amakankha mbali zina zonse nthaŵi yomweyo.

Amene adafotokoza mfundo imeneyi momveka bwino ndi Blaise Pascal wa ku France, amene adabadwa m'chaka cha 1623 namwalira m'chaka cha 1662. Zolemba zake pa nkhaniyi zidasindikizidwa m'chaka cha 1663, iye atamwalira kale. Lamulo lake likuti kupanikiza kumene kwachitika pa malo amodzi a madzi otsekeredwa kumafika mofanana paliponse m'madzimo, ngakhalenso pa makoma a chotengeracho.

Phindu la lamuloli limaoneka tikalumikiza zotengera ziŵiri zosiyana kukula ndi paipi, chilichonse chili ndi chokankhira chothina bwino chimene timachitcha pisitoni. Tiyerekeze kuti nkhope ya pisitoni yaing'ono ndi sikweya sentimita 1, ndipo ya yaikulu ndi masikweya sentimita 10. Tikaika mwala wolemera kilogalamu 1 pa pisitoni yaing'ono, sikweya sentimita iliyonse ya pisitoni yaikulu ikankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa mwalawo. Popeza masikweya sentimitawo alipo 10, pisitoni yaikulu ingathe kuchirikiza katundu wolemera makilogalamu 10. M'chaka cha 1795 Joseph Bramah wa ku England adalembetsa ku boma makina opsinjira zinthu otsata mfundo imeneyi. Jeke wa mafuta amene munthu mmodzi amatukulira galimoto ndi dzanja limodzi amagwira ntchito mwa njira yomweyo. Luso lonse logwiritsa ntchito madzi kapena mafuta opanikizidwa limatchedwa haidiroliki, dzina lochokera ku mawu aŵiri a Chigiriki otanthauza madzi ndi chitoliro.

Pamenepa mphunzitsi achenjere, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti madziwo apanga mphamvu yatsopano mwamatsenga. Kuti pisitoni yaikulu ija ikwere sentimita 1, yaing'ono iyenera kutsika masentimita 10, pakuti madzi otuluka uku ndi omwewo amene akuloŵa uko. Chimene tapindula pa kukula kwa mphamvu yokankha, tachilipira ndi kutalika kwa mtunda umene dzanja lathu layenda. M'sayansi, ntchito ndi mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi mtunda, ndipo palibe makina amene angatulutse ntchito yoposa imene alandira. Iyi ndiyo mfundo yachiŵiri, ndipo mwana amene waphunzira lamulo la Pascal popanda mfundo imeneyi waphunzira theka lokha.

Mmene njinga ya haidiroliki imayendera

Pa njinga yotere pamafunika zinthu zinayi: pampu, mapaipi, mota ndi thanki yaing'ono ya mafuta. Mafuta ake sayaka ngati petulo wa njinga yamoto. Iwo ndi onyamula mphamvu chabe, ndipo mphamvu yonse imachokera m'miyendo ya wopalasa.

Wopalasa akazunguza mapedulo, mapedulowo amazunguza pampu. Pampu imayamwa mafuta m'thanki n'kuwakankhira m'paipi yopita ku gudumu. Kumeneko mafuta amaloŵa mu mota, imene tingaifotokoze kwa ana kuti ndi pampu yogwira ntchito chobwerera: pampu imazunguzidwa kuti ikankhe mafuta, pamene mota imakankhidwa ndi mafuta kuti izungulire. Mota ikazungulira, gudumu limazungulira. Mafuta aja akatuluka mu mota amabwerera ku thanki kudzera m'paipi ina, ndipo ulendo umayambiranso. Ntchito yoyamba ya tcheni yatheka.

Ntchito yachiŵiri imathekanso. Tiyerekeze kuti pampu imakankha mamililita 10 a mafuta mapedulo akazungulira kamodzi, ndipo mota imafuna mamililita 5 kuti izungulire kamodzi. Gudumu lizungulira kaŵiri pa kuzungulira kumodzi kwa mapedulo, monga momwe zinalili ndi mano 44 ndi mano 22 aja. Masamu ake ndi amodzimodzi, ndipo ana a Sitandade 7 kapena 8 angathe kuwaŵerengera okha.

Zokoma za njinga yotere zilipo zingapo. Tcheni chimafuna njira yoongoka, koma paipi ingathe kupindika ndi kukhota paliponse, kotero kuti mphamvu ingatumizidwe ku gudumu lakutsogolo kapena ku magudumu onse. Zonse zoyenda zimakhala zotsekeredwa m'kati, kumene fumbi ndi matope sizifika, ndipo palibe chokola buluku kapena chitenje. Pali mitundu ina ya pampu imene kuchuluka kwa mafuta otuluka kungasinthidwe pang'onopang'ono njinga ili paulendo, motero wopalasa angapeze giya iliyonse imene akufuna popanda kudumpha.

Chokoma choposa zonse ndi kusunga mphamvu. Pa njinga pangaikidwe botolo lolimba lachitsulo lokhala ndi mpweya wa naitirojeni, wolekanitsidwa ndi mafuta. Pamtsetse, m'malo mogwira mabuleki, wopalasa amatsegula njira ina kuti gudumu lizunguze mota ngati pampu. Mafuta amakankhidwira m'botolo muja n'kufinya mpweya, ndipo njinga imachepetsa liŵiro. Pofika pa chitunda amatsegula botolo, mpweya umakankha mafuta kubwerera ku mota, ndipo njinga imakwera ndi mphamvu imene ikadangotayika pa mabuleki. Taonani kuti pano tagwiritsa ntchito makhalidwe onse aŵiri: mafuta anyamula mphamvu chifukwa safinyika, mpweya wasunga mphamvu chifukwa umafinyika.

Njinga zoterezi zapangidwa kwambiri ndi ophunzira a uinjiniya ku United States. M'zaka za m'ma 2000 kampani yopanga zipangizo za haidiroliki yotchedwa Parker Hannifin idayambitsa mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite wotchedwa Chainless Challenge, kutanthauza mpikisano wa njinga zopanda tcheni. Pambuyo pake bungwe la National Fluid Power Association lidatenga mpikisanowo n'kuutcha Fluid Power Vehicle Challenge. Magulu a ophunzira adapikisana pa liŵiro pa mtunda waufupi, pa kupirira pa mtunda wautali, ndi pa kusataya mphamvu. Okonza mpikisanowo sankafuna kutsegula sitolo ya njinga. Njinga ndi chida chabwino chophunzitsira, chifukwa cholakwika chilichonse cha wopanga chimamveka m'miyendo ya wopalasa.

Chifukwa chake tcheni sichidachoke

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Njinga ya haidiroliki ili ndi matope ake.

Vuto lalikulu ndi kutayika kwa mphamvu. Tanena kuti makina sangatulutse ntchito yoposa imene alandira. Kunena zoona amatulutsa yocheperapo, chifukwa gawo lina limasanduka kutentha paliponse pamene zinthu zikukhuzana. Tcheni choyera ndi chothiridwa mafuta bwino chimataya zochepa zedi: pa magawo 100 a ntchito ya wopalasa, oposa 95 amafika ku gudumu. Pa njinga ya haidiroliki mphamvu imasintha maonekedwe kaŵiri, poyamba mu pampu, kenaka mu mota. Tiyerekeze kuti pampu ndi yabwino kwambiri, yopereka magawo 90 pa 100 alionse, ndipo mota nayonso ndi yotero. Mota ilandira 90, ndipo ipereka magawo 90 pa 100 a 90 amenewo, ndiwo 81. Pamenepo sitidaŵerengere zotayika m'mapaipi, mmene mafuta amakhuzana ndi makoma, makamaka m'malo opapatiza ndi okhota.

Pa thirakitala kapena pa makina okumbira misewu kutaya kotereku kumapiririka, pakuti injini ili ndi mphamvu zochuluka. Munthu wamba wopalasa ulendo wautali amatulutsa pafupifupi mawati 100 okha. Kuchotsapo 20 pa ameneŵa ndi chinthu chimene wopalasa wa kabaza wonyamula munthu ndi thumba la chimanga angachimve asanafike pa chitunda chachiŵiri.

Vuto lachiŵiri ndi liŵiro la miyendo. Anthu ambiri amazunguza mapedulo pakati pa maulendo 60 ndi 90 pa mphindi imodzi, pamene mapampu ambiri adapangidwira mainjini ozungulira maulendo oposa 1,000 pa mphindi. M'kati mwa pampu iliyonse mafuta ena amazemba kudzera m'timipata ta pakati pa zitsulo n'kubwerera m'mbuyo. Pampu ikamazungulira pang'onopang'ono, mafuta ozembawo amakhala gawo lalikulu la mafuta onse amene ikukankha.

Vuto lachitatu ndi kulemera pamodzi ndi mtengo. Pampu, mota, thanki, botolo ndi mafuta omwe zimalemera kuposa tcheni kutalitali, ndipo ziŵiya zake zimafuna kusulidwa mosamala kwambiri. Vuto lachinayi ndi kukonza. Tcheni chikaduka panjira, mmisiri wa pansi pa mtengo amachilumikiza ndi nyundo ndi msomali. Paipi ikaphulika, mafuta amatayikira pansi ndipo ulendo wathera pomwepo. Kamchenga kakang'ono kakaloŵa m'mafuta kamakanda zitsulo za m'kati, ndipo mpweya ukaloŵamo, wopalasa amangofinya mpweyawo m'malo moyendetsa gudumu.

Nanga bwanji mafuta adapambana pa mabuleki? Galimoto zidayamba kukhala ndi mabuleki a haidiroliki m'zaka za m'ma 1920, ndipo kampani ya ku Germany yotchedwa Magura idatulutsa mabuleki otere a njinga zakapalasa m'zaka za m'ma 1980. Buleki imafuna mphamvu yaikulu yokankha pa mtunda waufupi zedi, ndipo ichi ndicho chimene lamulo la Pascal limapereka mosavuta: zala zimayenda masentimita angapo, zogwira gudumu zimayenda pang'ono chabe koma mwamphamvu. Mafuta sayenda ulendo wozungulira, amangosuntha pang'ono n'kubwerera, choncho zotayika n'zochepa. Yankho kwa mnyamata uja likadakhala lakuti, "Inde, mafuta angathe kuyendetsa gudumu, koma amalipiritsa kwambiri. Pa kuimitsa gudumu amalipiritsa pang'ono."

Kaphunzitsidwe kake m'kalasi

Phunziro ili lingakwane m'nthaŵi ziŵiri zophunzirira m'makalasi apamwamba a pulaimale kapena mu Fomu 1 ndi 2. Zipangizo zofunika ndi izi: njinga imodzi yobwereka, majakisoni aŵiri atsopano opanda singano, wina wa mamililita 5 ndi wina wa mamililita 20, kapaipi kofeŵa ka pulasitiki kothina pakamwa pa majakisoniwo, botolo la pulasitiki lokhala ndi chitsekero, rula, ulusi ndi ndowa ya madzi.

Pa zipangizozi pali machenjezo aŵiri amene simuyenera kuwaiŵala. Majakisoni akhale atsopano, ogula ku sitolo ya mankhwala, ndipo singano muchotse ndi kuitaya bwino inu nokha musanaloŵe m'kalasi. Musatume ana kukafuna majakisoni, chifukwa angakatole ogwiritsidwa kale ntchito amene angawapatse matenda oopsa. Chachiŵiri, gwiritsani ntchito madzi okha. Mafuta a mabuleki a galimoto ndi poizoni, ndipo amaŵaŵa akagwera m'maso.

Yambani ndi njinga, osati ndi bolodi. Igadamitseni panja, ana aŵerenge mano a magudumu aŵiri aja, anene okha kuti gudumu lakumbuyo lizungulira kangati mapedulo akazungulira kamodzi, kenaka ayese kuti aone ngati alondola. Pamenepo afunseni kuti, "Tcheni chitasoŵa, n'chiyani china chingafikitse mphamvu ku gudumu?" Lembani mayankho onse pa bolodi, ngakhale oseketsa.

Chachiŵiri, mwana akokere mpweya mu jakisoni, atseke pakamwa ndi chala, akankhe. Chokankhira chiloŵa ndithu. Achitenso chimodzimodzi jakisoni atadzaza madzi. Chokankhira chikana. Musawauze chifukwa chake msanga. Alekeni akambirane m'magulu, afotokoze m'mawu awoawo.

Chachitatu, boolani timabowo tating'ono mozungulira botolo, lidzazeni madzi, litsekeni, ndipo mwana alifinye ali panja. Madzi atumphukira mbali zonse ngakhale dzanja lafinya malo amodzi. Apa ndi pamene mungatchule dzina la Pascal, ana ataona kale chimene iye adafotokoza.

Chachinayi, lumikizani majakisoni aŵiri aja ndi kapaipi, mumange ndi ulusi kuti kasavuke, ndipo muonetsetse kuti m'kati mwadzaza madzi popanda thovu la mpweya. Itanani mwana wamng'ono thupi agwire jakisoni wamng'ono, ndi mwana wamkulu agwire jakisoni wamkulu, akankhane ndi chala chachikulu. Funsani kalasi kuti apambana ndani. Ambiri adzatchula wamkulu, ndipo adzadabwa poona wamng'ono akumubweza mnzake. Phokoso likatha, perekani rula. Ayese mtunda umene chokankhira chaching'ono chayenda ndi umene chachikulu chayenda, alembe m'makope mwawo. Gawo la rula limeneli ndilo mtima wa phunziro lonse, ndipo aphunzitsi ambiri amalidumpha chifukwa chosangalala ndi mpikisano uja. Potsiriza loŵetsani dala mpweya pang'ono m'kapaipi, ana amve mmene chokankhira chafeŵera.

Pa nthaŵi yachiŵiri jambulani pa bolodi thanki, pampu, mota ndi mapaipi, ana alondole ndi chala ulendo wa mafuta. Apatseni masamu a mamililita 10 ndi 5, ndi a magawo 90 pa 100. Kenaka gaŵani kalasi paŵiri, gulu lina linene zokoma za njinga ya mafuta, lina linene zovuta zake, ndipo onse pamodzi aweruze kuti ndi njinga iti imene ingathandize mlimi wopita ku msika wakutali. M'kalasi la ana ochuluka, magulu azibwera ku tebulo mosinthana pamene ena akuŵerengera masamu, koma yesetsani kuti mwana aliyense, mtsikana ndi mnyamata yemwe, akankheko jakisoni ndi chala chake.

Poyesa ngati ana amva, peŵani mafunso ongofuna kuloŵeza, monga chaka chimene Pascal adabadwa. Funsani kuti, "Chifukwa chiyani wotukula galimoto ndi jeke amapopa kambirimbiri koma galimoto imakwera pang'ono?" Funsaninso kuti, "Woyendetsa galimoto waponda buleki n'kumva kuti yafeŵa. Mwina chaloŵa m'mapaipi n'chiyani?" Mwana woyankha mafunso aŵiriŵa wamvetsa phunziro, ngakhale ataiŵala maina onse.

Mawu otsiriza

Njinga ya haidiroliki imayenda, koma tcheni chimagwira ntchito yomweyo mopepuka, motsika mtengo ndi mosataya mphamvu. Mwana amene wazindikira zimenezi adzazoloŵera kufunsa za makina alionse atsopano kuti, "Tikupindulapo chiyani, ndipo tikulipira chiyani?" Chizoloŵezi chimenechi chidzamuthandiza pogula chigayo, mpope wothirira mbewu kapena njinga yomwe.

Inu aphunzitsi a maŵa, mudzakumana ndi mafunso amene yankho lake simukulidziŵa. Palibe manyazi kunena kuti, "Funso lako ndi labwino, tilifufuze tonse, ndipo tikambirane Lolemba." Chofunika n'chakuti Lolembalo likafika, mubwere ndi njinga, majakisoni aŵiri ndi rula, ndipo woyamba kukankha jakisoni akhale mwana amene adafunsa uja.